Nyanga ya Nsatsi Imafota, Inki Sifota: Kalata Yotseguka pa Nkhani ya Ana ndi Ma Tattoo

Kwa inu olemekezeka opanga malamulo, akuluakulu oyang'anira zaumoyo, ndi inu oyendetsa sukulu za ana athu,

Landirani moni wanga. Ine ndine kholo, komanso malume wa ana angapo. Ndineneretu kuti ndili ndi tattoo pamkono wanga wamanzere ndipo ndimaikonda, kuti mukamawerenga kalatayi musaganize kuti yachokera kwa munthu amene amachita nseru akaona zojambula pathupi la mnzake. Chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi mkono wa mwana wa mlongo wanga.

Mnyamatayu ali ndi zaka 15. Kwa masiku 9 ankavala juzi ya manja aatali usana ndi usiku, kunja kukutentha, iye thukuta kamukamu, mayi ake n'kumangoti ndi kavalidwe ka ana amasiku ano. Tsiku la 10 anakana chakudya, thupi lili moto. Nditamugwira pamkono kuti ndimudzutse, anakuwa ngati ndamuthira madzi owira. Titapinda juzi ija tinapeza kamtima kokhotakhota, pakati pake pali chilembo choyamba cha dzina la mtsikana. Kamtimako sikankaoneka bwino n'komwe, chifukwa malo onsewo anali atatupa, khungu lili nyezinyezi, mafinya akutuluka m'timabowo ta m'mizere. Kutupa kunali kutafika pachigongono, ndipo m'khwapa munali mutatuluka mwanabere.

Anamulemba ndi mnzake wa zaka 16. Chida chake chinali singano yosokera zovala yomangiriridwa ku pensulo ndi ulusi, inki yake ya m'bolopeni. Ati singanoyo anaiyeretsa poiwotcha ndi machesi, kamodzi kokha, asanayambe. Tsiku limenelo analembedwa anyamata anayi ndi singano imodzimodziyo, ndipo wathuyu anali wachitatu.

Chilonda chinapola ndi mankhwala a kuchipatala. Chimene chinatisowetsa tulo ndi magazi a anzake awiri amene anatsogola aja. Matenda a chiwindi a hepatitis B ndi C, ngakhalenso HIV, amatha kuyenda pa singano yoteroyo, ndipo kachilombo ka hepatitis B n'kolimba moti kamakhalabe ndi mphamvu kwa sabata yathunthu m'magazi ouma. Mankhwala oteteza munthu amene akukayikiridwa kuti wakhudzana ndi HIV, aja amati PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Ife tinafika patatha masiku 10. Panalibenso chochita koma kuyezetsa magazi, kudikira miyezi, n'kukayezetsanso. Zotsatira zinatuluka bwino, koma m'miyezi imeneyo mlongo wanga anaonda ndikumuona.

Nditamufunsa mwanayo chimene anabisira, sanazungulire. Anati, "Malume, ndimaopa kuti andichotsa sukulu, ndiye mnzanga uja amumanga." Mawu amenewa ndibwereranso kwa iwo, chifukwa akukukhudzani inuyo kuposa ine.

Pa funso loti mwana wa zaka 14, 15 kapena 17 wakula mokwanira kulembedwa tattoo, yankho langa ndi ayi, ndipo ndikupempha kuti lamulo linene zimenezi mosapita m'mbali: munthu asanakwanitse zaka 18, singano ya inki isamukhudze. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imfotere kumanja. Ndi nzeru yabwino yolerera, ndipo ine ndaigwiritsa ntchito kambirimbiri. Wafuna kumeta mbali imodzi ya mutu? Mete, tsitsi limera. Wakakamira nsapato zoti zimutupitsa mapazi? Avale, azivula yekha. Koma mphamvu ya mwambiwu yagona pa kufota. Mwana amaphunzira chifukwa chinthu chimene analirira chija chimatha, iye n'kutsala ndi phunziro lokha. Tattoo ndiye sifota.

Singano yake imadutsa khungu lapamwamba, lija limafundula n'kumabwera lina pakatha milungu ingapo, n'kukasiya inki m'khungu lamkati, milimita imodzi kapena ziwiri kupita pansi. Thupi limaiona inkiyo ngati mdani, ndiye limatumiza asilikali ake kuti akaimeze. Amaimezadi, koma kuigaya amalephera, choncho amangokhala nayo pomwepo. Ofufuza a ku France anaonetsa mu 2018, poyesa pa mbewa, kuti msilikali woteroyo akafa amataya inki ija, wina watsopano n'kuimeza pamalo omwewo. Ndiye kuti thupi lenilenilo ndi limene limalondera chithunzicho, asilikali akumasinthana ngati alonda a pageti, moyo wonse wa munthu. Ina mwa inkiyo imakokoloka n'kukakhazikika m'timabere ta m'khwapa tija. Mtembo wa munthu wakalekale amene anamutcha Ötzi, uja anapezeka mu 1991 m'madzi oundana a m'mapiri a Alps kumalire a Italy ndi Austria, watha zaka pafupifupi 5,300, koma zizindikiro 61 zimene analembedwa pathupi zikuonekabe.

Tsono taganizirani amene akusankha chithunzi chokhalitsa choncho. Ine ndili ndi zaka 16 ndinkafunitsitsa kulemba pachifuwa dzina la gulu lina loimba. Ndikanakumana ndi munthu wa singano nthawi imeneyo, bwenzi lero ndikuyenda nalo dzinalo, chonsecho nyimbo zawo sindikumbukako ndi imodzi yomwe. Tattoo imene ndili nayoyi ndinalembetsa ndili ndi zaka 28, nditasunga chithunzi chake m'buku chaka chathunthu, ndikumachiyang'ana kuti ndione ngati chinditopetse. Mwana wa zaka 16 si chitsiru ayi. Ambiri amatiposa ife makolo pa masamu ndi pa kompyuta. Koma mbali ya ubongo ya chapamphumi, imene imagwira munthu malaya n'kumuuza kuti "taima kaye, mawa bwanji?", imapitiriza kukhwima mpaka munthu atadutsa zaka 20, ndipo imagonja msanga anzake akamuzungulira n'kumamuchemerera. Kamtima ka mwana wathu kanalembedwa anzake akuonerera. Mtsikana wa chilembo chija chibwenzi anachithetsa chilonda chisanapole. Ndiye pali thupi lenilenilo, limene likadakula: phewa la zaka 15 si phewa la zaka 22, ndipo khungu likamatambasuka chithunzi chimatambasukira limodzi.

Sindikufuna kukokomeza. Bungwe la Pew Research Center litafunsa anthu a ku United States mu 2023, linapeza kuti akuluakulu 32 mwa 100 alionse ali ndi tattoo, ndipo mwa iwowo 24 mwa 100 anati ilipo imene amanong'oneza nayo bondo. Ndiye kuti ambiri sadandaula, ndipo tattoo payokha si tsoka. Komabe pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse akulakalaka akanapanda kulemba, pakati pa anthu amene tsopano ndi aakulu misinkhu.

Ena amati, "Akadzatopa nayo adzafufutitsa." Onena zimenezi sanamuonepo munthu akufufutitsa. Makina a laser amaphwanya inki kukhala tizidutswa ting'onoting'ono toti thupi lithe kuchotsa lokha, ndipo ntchitoyi siitheka tsiku limodzi. Munthu amapitako maulendo 6, 10, ngakhale kuposa, akumadikira milungu 6 kapena 8 pakati pake kuti khungu lipole. Chaka chimatha, ululu uli pomwepo, ndalama zikupita zochuluka kuposa zimene analipira polemba. Inki yakuda imachoka mosavutirapo, koma yobiriwira ndi yachikasu ndi yamakani. Kwa munthu wa khungu lakuda vuto limakula, chifukwa kuwala kwa laser kumakokedwanso ndi mtundu wa khungu lenilenilo, ndiye pamalo pa chithunzi pamatha kutsala chigamba choyererako kapena chodera kwambiri. Zipsera zotupa zija madokotala amati keloid zimakondanso anthu a khungu lakuda, ndipo zimabuka kawirikawiri pakati pa zaka 10 ndi 30, msinkhu weniweni wa ana tikuwanenawa. Inki yofiira nayo ndi imene imayambitsa ziwengo kuposa mitundu ina, mwina patapita zaka.

Lamulo ndikupemphali si lachilendo. Dziko la Britain linaletsa kulemba tattoo munthu wosakwana zaka 18 kuyambira mu 1969, ndipo kumeneko ngakhale kholo lisaine mapepala angati, wolembayo amapalamulabe mlandu. Chimene lamulolo limalola ndi zizindikiro zoikidwa ndi achipatala pa zifukwa za chithandizo, monga timadontho timene amaika pakhungu la wodwala khansa kuti makina owotcha chotupa azilunjika malo amodzimodzi. Ku United States kulibe lamulo limodzi la dziko lonse: zigawo zambiri zimalola ngati kholo lavomera, pamene California ndi New York amakana zivute zitani.

Apa ndi pamene ndikudziwa kuti mudzagawikana, chifukwa mpata wa chilolezo cha kholo umamveka ngati ulemu kwa mabanja. Ine ndikupempha kuti mpata umenewu muutseke. Kholo likamasaina, likusainira khungu losakhala lake. Pakangotha zaka ziwiri kapena zitatu mwanayo adzakhala mwini thupi lake pamaso pa lamulo, koma ukuluwo adzaulowa atasenza kale chisankho chosabwezeka chimene anachita ali mwana. Ndipo amene analerapo mwana wa msinkhu umenewu akudziwa mmene chilolezo chimapezekera. Sichituluka pa kukambirana kodekha ayi. Chimatuluka pakatha milungu itatu ya kulira, kumenyetsa zitseko, ndi nyimbo ija yoti "mayi ake a mnzanga analola, inu nokha ndiye ovuta." Kholo lotopa ndi ntchito limasaina kuti pakhomo pabwere mtendere. Kumene bambo ndi mayi anasiyana, wina amasaina pofuna kuoneka wabwino, winayo n'kudzangoona zitachitika. Ndiye palinso "azakhali" obwereka panjira, amene wolemba tattoo alibe njira yowatsimikizira. Lamulo lopanda mpata limalanditsa kholo: limatha kunena kuti "si ine mwananga, ndi lamulo," nkhani n'kuthera pomwepo.

Pali mwana mmodzi amene amandivuta mumtima ndikamanena zimenezi. Ndi mtsikana wa zaka 17 amene mayi ake amwalira, ndipo akufuna dzina lawo pamkono. Ameneyu sakutengeka ndi anzake, ndipo n'zokayikitsa kuti adzadandaula. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, mu ndime 12, limati mwana ali ndi ufulu woti maganizo ake amvedwe pa nkhani zomukhudza, molingana ndi msinkhu wake. Ndikuvomereza, amvedwe. Pangano lomwelo limatinso mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, ndipo kumumva mwana sikutanthauza kumupatsa lero chilichonse chimene wapempha. Mtsikana ameneyu ndingakhale naye pansi, tisankhire limodzi kalembedwe ka dzinalo, tilisunge, ndipo tsiku lokwanitsa zaka 18 ndimuperekeze ndekha. Dzina la mayi ake silithawa. Ndikudziwanso kuti palibe amene amadzuka ali wanzeru pa tsiku lokumbukira kubadwa kwake, ndipo alipo a zaka 17 okhwima kuposa ena a zaka 30. Koma wolemba tattoo sangayeze kukhwima kwa munthu pakhomo la shopu. Chimene angathe kuwerenga ndi chaka cholembedwa pa chiphaso.

Tsopano ndinene chimene chingakukhumudwitseni. Lamulo la zaka lokhalo silikanaupulumutsa mkono wa mwana wathu. Sanapite kwa katswiri aliyense woti amufunse chiphaso. Mukangolemba "18" n'kukhala pansi kuti mwagwira ntchito, ana a makani adzangolowera kuseri kwa nyumba kumene kuli singano yosokera ndi bolopeni. Mzinda wa New York unaletsa ma tattoo onse mu 1961 pa chifukwa cha matenda a hepatitis B, ndipo chiletsocho chinakhala mpaka 1997. Zaka 36 zonsezo anthu ankalembabe, koma m'zipinda zobisika kumene woyendera zaumoyo sankafika. Ku South Korea khoti lalikulu linagamula mu 1992 kuti kulemba tattoo ndi ntchito ya madokotala okha, ndipo zotsatira zake zinali zofanana: olemba ochuluka anagwira ntchito mobisala kwa zaka zoposa 30.

Choncho malire a zaka aziyenda limodzi ndi njira yooneka, yoti mwana adziwe kuti chimene akudikira chilipodi ndipo n'chabwino kuposa cha kuseri. Olemba ma tattoo apatsidwe malaisensi ataphunzira za matenda oyenda m'magazi, ndipo muziwayendera mwadzidzidzi, osati kungotolera ndalama ya laisensi chaka ndi chaka. Singano izitsegulidwa m'pepala lake wolembedwayo akuona, ikatha ntchito itayidwe. Magolovesi akhale atsopano pa munthu aliyense. Zitsulo zogwiritsidwanso ntchito zizilowa m'makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha madigiri 121, chifukwa kuwiritsa m'poto kapena kupukuta ndi spiriti sikupha zonse. Inkinso muiyang'ane. Kumapeto kwa 2011 ku Rochester, m'chigawo cha New York, anthu 19 anatuluka zilonda atalembedwa ndi katswiri waukhondo ndithu, ndipo tizilomboto tinapezeka m'botolo la inki losatsegula n'komwe. Mayiko a European Union anaika malire pa mankhwala oposa 4,000 opezeka mu inki kuyambira Januwale 2022. Mndandanda ulipo kale, simukuyambira pachabe. Makina amagetsi olembera ma tattoo lero mwana amatha kuitanitsa pa intaneti ndi foni ya mayi ake, pamodzi ndi inki yosadziwika kochokera. Ogulitsa zimenezi nawonso lamulo liwafikire.

Komanso, makolo amene amaganiza kuti zojambula zosakhalitsa ndiye zopanda vuto asamale ndi ija amati henna wakuda. Kawirikawiri amaikamo mankhwala odetsera tsitsi otchedwa PPD, amene amatha kuwotcha khungu n'kusiya chipsera cha chithunzi chomwecho.

Chilango chigwere munthu wamkulu amene walemba mwana, makamaka wolandira ndalama: alandidwe laisensi, alipire chindapusa chomveka kuwawa. Koma mwana wolembedwayo asakhale ndi mlandu, ndipo ana akalembana okhaokha nkhaniyo ipite kwa namwino, osati kupolisi. Apa ndabwerera ku mawu a mwana wa mlongo wanga. Masiku 9 aja sanabise chifukwa chosamva ululu. Anabisa chifukwa m'mutu mwake munali aphunzitsi aakulu ndi apolisi, ndipo mantha amenewo ndi amene anatidyera maola 72. Kaya kuchotsedwa sukuluko kukanachitikadi kaya ayi, iye anakhulupirira kuti kuchitika, ndipo palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anali atamuuzapo zosiyana.

Inu oyendetsa sukulu, lembani poyera kuti mwana sadzachotsedwa sukulu chifukwa cha tattoo, ndipo muwawerengere anawo pa asembule. Ngati malamulo a yunifomu akufuna kuti aziphimba, aziphimba. Koma kumuthamangitsa sikufufuta inki. Kumangoonjezera kusaphunzira pa chipsera chimene ali nacho kale. M'malo mwake nkhani ya khungu, singano ndi magazi ilowe m'phunziro la sayansi ana asanafike zaka 13, ndipo ngati mungalimbe mtima itanani wolemba ma tattoo wa laisensi adzalankhule. Munthu wodzaza zithunzi mikono yonse akanena kuti "ine sindilemba mwana, ndipo amene akulembe ndi singano yosokera sakukufunira zabwino," ana amamumvera kuposa mmene angamverere inu ndi ine.

Inu azaumoyo, bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linatulutsa malangizo ake oyamba pa nkhaniyi mu 2017, pozindikira kuti achinyamata akuchita zimenezi ndipo dokotala ayenera kudziwa zokambirana nawo. Namwino amene anatilandira ife anayamba ndi kukalipa, "Anakutuma ndani zopusazi?", mwana n'kutseka pakamwa kuti khwii. Anali wachiwiri, mayi wodekha, amene anafunsa mafunso oyenera: walembedwa liti, ndi chiyani, munalipo angati, iwe unali wachingati. Mafunso amenewa ndi amene anachititsa kuti anzake atatu aja nawonso apezeke n'kukayezedwa. Aphunzitseni anamwino onse kufunsa chotero. Aziona ngati mwanayo analandira katemera wa hepatitis B, ndipo ali awiriwiri azimufunsanso ngati anafuna yekha, chifukwa alipo ana amene amadindidwa chizindikiro ndi magulu a zigawenga kapena ndi munthu wowachitira nkhanza, ndipo chizindikirocho chimakhala umboni wokha umene ukuonekera kunja.

Mkono wa mnyamata wathu unapola. Patsala chipsera chotukuka pang'ono ndi mizere yotuwa yodukaduka, imene munthu wosadziwa angaiyese chilonda cha moto. Masiku apitawa anandifunsa ngati n'zotheka kudzalemba chithunzi china pamwamba pake kuti chibisike. Ndinamuuza kuti n'zotheka ngati chipseracho chikhazikika ndipo dokotala wavomera, koma adikire zaka zitatu, ndipo tidzapitira limodzi. Ndinamulonjezanso kuti tikadzalowa m'shopumo, ndisanamulole kukhala pampando, ndidzayamba ndapempha kuona laisensi pakhoma ndi tsiku limene oyendera zaumoyo anafikako komaliza. Zaka zitatu zimenezi ndi zanunso, olemekezeka, kuti pepala limenelo ndidzalipeze lilipo.

Ine wanu,
Kholo komanso malume